Suti ya Amayi Aang'ono

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wochokera kuno kwanu. Mukupeza bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Chifuwa chija chinamusiya wamng'ono uja? Ife kuno tilipo. Ine msana ndi womwe uja wa pamakina osokera, ndikuona kuti tidzasiyana kumanda. Bambo ali bwino, kungoti mapazi amawatupa madzulo. Amayi thupi lili bwino ndithu, kudya akudya, koma mutu ndi uja mukuudziwa.

Mudabwa kuona kalata pamene foni ilipo. Ndayesa kawiri kukuuzani pafoni, koma inu mukangoyankha mumayamba ndi kunena kuti muli pantchito, ndilankhule msanga, ndiye ine ndimangosiya. Nkhani iyi si yolankhula msanga. Khalani pansi, muvule nsapato, ndipo musakwiye musanafike kumapeto.

Ndi nkhani ya Amayi Aang'ono. Ngati alamu akuwerenga nawo, afotokozereni msanga asaganize kuti bambo ali ndi mitala. Ndikunena galimoto yobiriwira ija, imene amayi ankaitcha mkazi mnzawo chifukwa bambo ankaipukuta kawiri patsiku, pamene iwo mpango womwe ankachita kuwakumbutsa. Ife ana tinangotolera pomwepo, ndipo dzinalo linakhazikika.

Mukukumbukira zimene tinapangana. Munati ikalephera mayeso a chiphaso choyendera pamsewu a chaka chino, basi, ipite kwa wogula zitsulo zakutha, ndipo munthuyo munamupeza kale, akungodikira mawu anu. Bambo munawauza nokha. Iwo anavomera akuseka, poti m'mutu mwawo Amayi Aang'ono sangalephere mayeso.

Ine ndinali mbali yanu, ndisaname. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi mphambu zisanu ndi zitatu, m'galimoto imene chitseko chakumbuyo amamanga ndi chingwe. Handibuleki inafa kalekale, m'malo mwake muli mwala umene amayenda nawo pansi pa mpando. Matayala osalala ngati dazi lanu. Ndiye masana aliwonse amawakweza amayi mmenemo kukazungulira nawo m'tauni, ine ndili kushopu mtima uli m'mwamba. Ndinkawanena, iwo ankangoti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo.

Chaka chilichonse munkandifunsa kuti chigalimoto chimenechi chimakhoza bwanji. Ndinkati sindikudziwa. Ndinkadziwa, ndipo lero ndikuuzani.

A Mawotchi muwakumbukira, mnzawo wa bambo uja wokonza mawotchi pafupi ndi msika. Galimoto yawo inali yofanana ndi yathu, kungoti yawo inali yoyera. Zaka zinayi zapitazo akuluakulu awiriwa anagwirizana kugula matayala anayi atsopano omanga kale pamalimu ake, nyali imodzi yakutsogolo, kalilole wam'mbali ndi zopukutira galasi. Zinthuzo pamsewu sizinkayendapo. Zinkagona kuchipinda kwa a Mawotchi, zofunditsidwa bulangeti ngati mwana wakhanda.

Tsiku la mayeso likafika, ankazimanga m'mawa, galimoto n'kukakhoza, madzulo n'kuzimasula. Handibuleki ndi chitseko a Mawotchi ankazinyengerera ndi zala zawo zaluso kuti zigwire tsiku lokhalo. Mwezi wotsatira zinkapita pagalimoto ya mnzawo. Iwo ankazitcha suti. Bambo ankati munthu sapita kudimba atavala suti, amavala tsiku lokaonekera kwa akuluakulu.

A Mawotchi anatisiya miyezi inayi yapitayo, monga ndinakuuzani. Ana awo anagulitsa galimoto yoyera ija maliro asanazizire n'komwe.

Patapita masabata awiri, masana ena, mkazi wawo anaima pakhomo pa shopu yanga ali pagalimoto yonyamula katundu, mipando ndi mapoto zili pamwamba. Anali paulendo wosamukira kwa mwana wawo wamkazi, kutali. Anati anadzera kunyumba koma anapeza kotseka, bambo atatuluka ndi amayi monga mwa masiku onse. Anatsitsa matayala anayi aja, katoni imodzi, ndi envulopu yomata. Anati amuna awo ali pabedi kuchipatala anawalumbiritsa kuti suti isagulitsidwe, ikafike m'manja mwa bambo. Ine ndinalonjeza kuti ndikapereka tsiku lomwelo.

Sindinapereke, achimwene.

Atangochoka ndinaima n'kumayang'ana matayalawo, ndipo ndinaona kuti mayeso onse ali m'manja mwanga. Suti ikasowa, galimoto ilephera. Ikalephera, inu mutumiza munthu wanu, bambo sadzakhala ndi woti am'dandaulire, ine ndiyamba kugona tulo. Ndinaika matayala awiri uku, awiri uku, thabwa pamwamba, n'kuphimba ndi nsalu yamaluwa yofika pansi. Katoni ndi envulopu ndinazikankhira kuseri kwa mulu wa zigamba. Makasitomala anga anayamba kuyamikira kuti tsopano ndagula benchi.

Mayeso atayandikira, bambo anayamba kufunafuna. Nambala ya mkazi wa a Mawotchi inali itasiya kugwira. Anapita kwa mwana wawo wamwamuna amene anagulitsa galimoto, iye anangoti zonse zinapita ndi wogula, poti za suti sankazidziwa n'komwe.

Tsiku limenelo bambo anabwera kushopu kwanga. Analowa, anavula chipewa, n'kukhala pabenchi pomwepo. Anandiuza kuti zaka makumi anayi akudyera m'mbale imodzi ndi munthu, koma tsiku lomaliza munthuyo sanawakumbukire. Anati sakulira matayala ayi, akulira kuti ankapita kuchipatala tsiku ndi tsiku kukamudyetsa, iye osanenapo ngakhale liwu limodzi. Ankalankhula atakhala pamatayala awo omwe.

Ine ndinangoweramira pamakina, kusoka mpendero umene ndinali nditasoka kale. Pochoka anagogoda thabwalo ndi chala, n'kufunsa kuti kalipentala wake ndani, poti benchi yake ndi yosagwedera. Ndinati ndaiwala dzina.

Mukadaona mmene anavutikira masabata atatu otsatira! Nyali yakumanzere, yachita chifunga ija, anaitsuka ndi mankhwala otsukira mano. Kalilole wam'mbali anamatapo kagalasi kochokera m'chikwama chakale cha amayi. Zopukutira galasi anadula pachubu chakutha cha njinga. Matayala anawapaka polishi wa nsapato mpaka kuwala. Anafika popempha makaniko wathu uja kuti awasemere mizere pamatayala ndi mpeni wotentha. Makaniko anakana kwamtuwagalu, anati iye sakufuna kudzanyamula nawo bokosi lawo.

Ine anandibweretsera lamba wa pampando, amene anayamba kusosoka m'mbali, kuti ndiwasokere. Ndinasoka ndi ulusi wolimba, mizere itatu. Tangoganizani, dzanja limodzi likuwathandiza, lina lawabisira matayala.

Tsiku la mayeso ndinatseka shopu kuti ndiwaperekeze. Kunena zoona, ndinkafuna ndikhalepo akamalephera, kuti asabwerere okha. Mayi woyandikana nafe uja, amene amakhala ndi amayi m'mawa, anadzuka akudwala mutu, ndiye panalibe kuchitira mwina, tinawatenga amayi.

Apa mpofunika mumve bwino mmene amayi alili masiku ano, chifukwa pafoni mumangomva akuti zikomo, zikomo, mumaganiza kuti akudziwani. Zaka ziwiri tsopano sananditchulepo dzina. Amanditcha mayi wosoka, masiku ena anesi. Bambo amawatcha eni nyumba. Amawapatsa ulemu waukulu, kuwagwadira, kenako n'kuwafunsa ngati amuna awo sanasiye uthenga woti abwera liti. Bambo amayankha kuti ali m'njira. Amayankha choncho kasanu, kakhumi patsiku.

Tinawakweza kutsogolo, ine ndinakhala kumbuyo n'kugwira chingwe cha chitseko. Ndinali ndisanakweremo zaka zitatu, poti ndinalumbira kuti sindidzakweranso. Bambo anapotokola kiyi. Amayi Aang'ono anakhosomola katatu monga mwa chizolowezi chawo, kachinayi injini inagwira, mpando wonse kumanjenjemera.

Amayi anaika dzanja padashibodi. Kenako anatembenukira kwa bambo, n'kunena ndi mawu awo enieni aja, akale aja, kuti: "A Liwiro, mkazi mnzangayu chifuwa chakechi simukupita naye kuchipatala bwanji?"

A Liwiro, achimwene! Dzina limene ankawanyoza nalo chifukwa njinga zinkatipitirira pamsewu. Ine ndinali nditaliiwala. Bambo sanadabwe n'komwe. Anangoyankha kuti lero lomwe akupita naye kwa adokotala.

Kenako amayi anacheuka, n'kundiona. Anandiyang'ana m'maso, osati kundiyang'ana ngati mlendo, n'kuti: "Iwe Chitsiriza, chotsa mapazi pampando, ndipo usiye kusewera ndi chingwecho." Mapazi anga anali pansi. Koma ndinayankha kuti pepani amayi, misozi ili chuchuchu, iwo n'kuwauza bambo kuti mwanayu amalira zilizonse.

Njira yonse ankalankhula. Anawanena bambo kuti aiwala kuyatsa indiketa. Anakumbukira kuti pamene pali sitolo ya mafoni panali ophika buledi. Anandifunsa ngati ndamaliza homuweki. Titafika pamphambano ya kuchigayo chakale, anawamenya bambo pabondo, n'kuwauza kuti akhotere kumanzere, kodi aiwala kuti Makutu akudikira pageti la sukulu, ndipo mwana ameneyu akachedwa kutengedwa amalira mpaka mamina?

Makutu ndinu, ngati udindo wanu kumeneko wakuiwalitsani.

Bambo anakhota. Tinafika pasukulu yanu ija, geti lake tsopano ndi lachitsulo. Anachepetsa liwiro, ngati panali loti achepetse, anasuzumira, n'kunena kuti akuoneka kuti watsogola ndi anzake. Amayi anapukusa mutu, anati mwana ameneyu miyendo yake siikhala pamodzi, akam'peza kunyumba aona. Koma maso anali akadali pageti mpaka tinakhota.

Ndinawayang'ana bambo pakalilole. Iwo anandiyang'ananso, n'kunena motsitsa mawu kuti ndi tsiku lililonse, nthawi ya 3 koloko. Anati anayesapo kuwakweza taxi, anayesapo galimoto ya abusa, koma amayi amangokhala atagwira chikwama ngati akubedwa. Ndi muno mokha. Kaya ndi fungo la mipando, kaya ndi kukhosomola kwa injini, iwo sakudziwa. Chimene akudziwa n'chakuti patsiku amakhala ndi mkazi wawo ola limodzi. Ndinawafunsa chifukwa chake sanatiuze. Anati anayesa, koma akangotchula galimoto, ine ndi inu timayamba kuwawerengera zaka zawo.

Kumalo oyesera tinapeza mzere wautali. Ndi chishedi chachikulu chamalata, pakati pali dzenje lalitali limene galimoto imaimapo kuti aione kumimba, kutsogolo kuli zitsulo zozungulira zoyesera mabuleki. Tinadikira maola awiri. Bambo sanazimitse injini nthawi yonseyo, ine ndinkadziwa tsopano kuti si batire lokha limene akuopera.

Nthawi yathu itakwana kunabwera woyesa, mayi wamkulu ndithu, wovala ovolosi, imvi zili mbuu m'mbali, tochi m'manja. Anapempha mwaulemu kuti tonse titsike. Ndinawagwira amayi mkono. Phazi lawo litangoponda simenti, ndinaona ndi maso angawa nkhope ikuchoka. Anakumbatira chikwama, anayang'ana uku ndi uku, n'kundifunsa kuti mayi inu, simunawaone amuna anga? Bambo anali ataima pambali pawo, phewa ndi phewa.

Woyesa uja anazungulira galimoto kamodzi. Anagwada pa tayala lakutsogolo, anapaka chala, n'kuchiyang'ana chitada ndi polishi. Sanaseke. Anawafunsa bambo kuti matayala aja ali kuti, aja limodzi lili ndi kadontho ka utoto wachikasu palimu. Anati zaka zinayi wakhala akuwaona kawiri pachaka, mwezi uno pagalimoto yobiriwira, mwezi wamawa payoyera, ndipo iye ntchito yake ndi kuyesa zimene zabwera pamaso pake, koma si wakhungu.

Bambo anayankha kuti mwini wake wa galimoto yoyera anamwalira, ndipo matayala anapita naye. Anatero akuyang'ana pansi. Ine ndinalakalaka nditagwera m'dzenje lija.

Mayiyo anapepesa maliro, kenako anagwira ntchito yake. Analowa kunsi ndi tochi, anakweza galimoto pazitsulo zozungulira, anakoka handibuleki n'kutsala nayo m'manja ikulendewera. Anapeza mwala pansi pa mpando, anauyang'ana, n'kuubwezera pamalo pake bwinobwino. Analemba zisanu ndi chimodzi: matayala, nyali, kalilole, zopukutira galasi, handibuleki ndi chitseko. Lamba wanga yekha ndiye anakhoza.

Popereka pepala anati injini ndi yolimba, chitsulo chapansi sichinadyeke, galimotoyi yasamalidwa ndi munthu woikonda. Koma anati ngakhale akanakhala bambo ake omubereka sakanawalola, makamaka poona amene amakhala pampando wakutsogolo. Anawapatsa masiku khumi ndi anayi oti akonze n'kubweranso. Bambo anavula chipewa n'kuthokoza.

Pobwerera amayi anali m'chisangalalo, akuimba kanyimbo kawo kaja kotsukira mbale. Bambo maso anali pamsewu basi. Titafika kunyumba ndinawatsitsa amayi, ndinawagoneka, potuluka ndinapeza bambo akadali pachiwongolero, injini yozima, pepala lili pamiyendo. Anandiuza kuti ndikuuzeni kuti mwapambana, munthu wanu abwere, koma abwere m'mawa amayi asanadzuke.

Pamenepo madzi anandifika m'khosi. Ndinawapempha kuti tipite kushopu pali chimene ndikufuna ndiwaonetse. Anati atopa. Ndinati ndikuwapempha ndi mawondo, ndipo ndinagwadadi, pafumbi, mayi wa ana atatu ine.

Titalowa ndinangokoka nsalu yamaluwa ija, n'kuchotsa thabwa.

Anayandikira, anagwira tayala loyamba, lachiwiri, mpaka anapeza kadontho kachikasu kaja, n'kuikapo chala. Ndinawafotokozera zonse, tsiku limene zinabwera, mawu a mkazi wa a Mawotchi, ndi chifukwa changa. Inu sindinakutchuleni, poti za benchi simunkazidziwa. Ndinkadikira kuti akalipe. Ndikanakonda akanandimenya ndi thabwalo.

Iwo anangoti za galimoto akanandikhululukira pomwepo, chifukwa akudziwa kuti ndi mantha. Koma ndawadanitsa ndi munthu wakufa miyezi itatu yathunthu. Anati akhala akudutsa pamanda osalowa, ndipo pamapemphero awo dzina la mnzawo analichotsamo. Anandifunsa kuti zimenezo akazibweza bwanji.

Ndinatulutsa katoni ndi envulopu ija n'kuwapatsa. Magalasi anali atawaiwala m'galimoto, ndiye anandibwezera kuti ndiwerenge ine. Anali malemba onjenjemera a munthu wogona chagada. Ndikukopererani monga analembera:

"Liwiro, suti ndi yako yonse tsopano. Ukaivala usaivulenso, palibe woti um'bwezere. Uyende nayo mpaka ithe, mlamu wanga akhale pabwino. Wotchi yako imatsalira mphindi zisanu, ndinkangokunyengerera."

Bambo anakhala pansi, pasimenti penipeni, pakati pa zigamba. Anaseka kaye za wotchizo, kenako kusekako kunasanduka china. Sindinawaonepo akulira chotero, ngakhale pamaliro a agogo. Ndinatseka chitseko cha shopu kuti odutsa asaone.

Masiku anayi sanandilankhule. Ndikabwera m'mawa kudzawasambitsa amayi, iwo ankatuluka kukakhala m'galimoto. Ndikawapatsa moni ankayankha ndi chipewa. Ndinamva kwa oyandikana nawo kuti tsiku lachiwiri anapita kumanda ndi khasu, anakalambula, n'kukhalako mpaka dzuwa kupendeka.

Ine ndinachita zimene ndikanatha. Ndinamutenga makaniko. Anamanga matayala, nyali, kalilole ndi zopukutira. Waya wa handibuleki anakaupeza kwa ophwasula magalimoto, loko wa chitseko chimodzimodzi. Anawapima matayalawo n'kunena kuti ali bwino, poti moyo wawo wonse ayenda masiku asanu ndi atatu okha, kwinaku akugona m'bulangeti.

Tsiku lachisanu bambo anandipeza ndikupukuta galasi lakutsogolo. Anaima kanthawi, kenako anandiponyera sipanala, n'kunena kuti munthu wodziwa kuba matayala ayenera kudziwanso kuwamanga. Anandiphunzitsa kuika jeke, kumasula, kumanga, mpaka zikhadabo zanga ziwiri zinathyoka. Ndipo ine ndinapezerapo mwayi. Ndinawauza kuti mantha anga sanathe, maso awo si akale, ndiye andiphunzitse kuyendetsa kuti tsiku limene iwo adzalephere, amayi asadzasowe wowayendetsa. Anang'ung'udza, koma mawa lake anandipatsa kiyi. Panopa ndafika pa giya yachiwiri. Ndagunda mgolo wa madzi kamodzi kokha.

Tinabwerera kumayeso Lachitatu lapitali. Woyesa anali mayi yemwe uja. Anaona kadontho kachikasu, anakweza nsidze, n'kufunsa ngati akufa ayamba kubweza katundu. Kenako ananena mosaseka kuti sakufuna mawa adzakumane ndi galimotoyi pamsewu itavalanso nsapato zakale. Bambo anatulutsa kalata ya a Mawotchi m'thumba la malaya n'kumupatsa. Anawerenga, anaipinda bwinobwino, anabweza, n'kulowa m'dzenje. Anatenga nthawi yaitali kuposa tsiku loyamba, handibuleki anaikoka katatu. Atatuluka anamata yekha chiphaso pagalasi, ndi chala chake, n'kuwagwadira amayi powatsanzika.

Mwala uja bambo akana kuutaya. Ati wagwira ntchito zaka zambiri, upume pansi pa mpando pomwepo. Matayala akale ndi amene ndapangira benchi ina, kuti makasitomala asadandaule.

Ndiye nazi zopempha zanga ziwiri, achimwene. Choyamba n'chophweka. Munthu wanu wa zitsulo uja mumuuze kuti akafune kwina. Mukafuna kukwiya kuti ndaphwanya pangano, kwiyirani ine. Sindikukuimbani mlandu. Inu munkaweruza ndi zimene ndinkakuuzani, ndipo ine amene ndimakhala pafupi ndinkaona matayala okha.

Chachiwiri ndiye chimene ndalembera kalatayi. Adokotala anatiuza kale kuti matendawa sabwerera m'mbuyo. Bambo akuti chaka chatha amayi ankalankhula kuyambira ponyamuka mpaka pofika. Tsopano masiku ena amayamba titadutsa kale msika, ndipo dzulo anakhala chete njira yonse, mpaka pamphambano paja. Chiphaso chimene tamatachi ndi cha chaka chimodzi. Amayi Aang'ono chaka chimenecho achikwanitsa, ndikulumbira. Za amayi enawa sindingalumbire.

Koma ngakhale dzulo, tsiku loipa limenelo, titafika pamphambano anawamenya bambo pabondo. Inu sanakuiwaleni ngakhale tsiku limodzi. Ndipo tsiku lililonse bambo amawanamiza kuti mwatsogola ndi anzanu, iwo n'kutsala akuyang'ana geti. Bambo atopa nalo bodza limeneli, ine ndaliona pankhope pawo.

Pemphani tchuthi. Papita zaka zisanu. Musavutike ndi mphatso, ndipo musafikire kunyumba, chifukwa kumeneko adzakugwadirani n'kukufunsani kuti ndinu a kwa yani, ndiye mtima wanu udzasweka monga wanga umaswekera m'mawa uliwonse. Mudzandiuze ine ndekha tsiku. Mudzatsike basi, mudzapite kusukulu kwanu kuja, mudzaime pageti nthawi ya 3 koloko. Mudzamva kukhosomola tisanaonekere.

Ngati adzakuzindikirani, bambo wamkulu wadazi ndi mimba, sindikudziwa, ndipo sindikulonjeza. Koma makutu aja mukadali nawo, sanachepe. Chitseko chakumbuyo tsopano chimatseguka bwinobwino, ndipo malo anu akumanzere alipo. Mudzangolowa, n'kulola kuti akukalipireni chifukwa chochedwa.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti diresi lawo ndinamaliza, likudikira mwini wake. Ana muwapsompsone, wamkuluyo mumuuze kuti azakhali ake tsopano ndi dalaivala. Bambo akupereka moni. Sakudziwa kuti ndalemba zonsezi, ndipo za pageti musawauze, kuopa angayambe kuwerenga masiku. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pantchito, ndipo akutsegulireni njira yobwerera kuno nthawi ikadalipo.

Ndine mlongo wanu, telala wa benchi yosagwedera,

Chitsiriza